Galimoto yozolowera m'tauni pa ulendo wa makilomita 800

Funso: Ndili ndi galimoto yaing'ono ya petulo yomwe yatha zaka pafupifupi khumi ili pamsewu. Ndimangoyendera kuntchito ndi kukasiya mwana kusukulu, ndipo sinandivutitsepo. Kumapeto kwa mwezi uno tili ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 800, ineyo, mayi akunyumba ndi ana awiri, wina wa zaka 7, wina wa miyezi 10. Ndaganiza zonyamuka Lachisanu madzulo ndikangoweruka, kuti ana azigona m'njira ndipo tikafike m'mawa. Woyendetsa ndine ndekha. Kodi ndiyang'ane chiyani pa galimotoyi tisananyamuke?

Yankho: Bambo, mwafunsa za galimoto ndipo ndikuyankhani za galimoto. Koma ndinene poyambirira pomwe kuti m'kalata yanuyi chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi imene mwasankha kunyamukira. Tifika pamenepo. Tiyambe ndi mawu anu akuti "sinandivutitsepo".

Mawu amenewa ndimawamva kawirikawiri kwa anthu amene galimoto yangowafera panjira, ndipo sakhala akunama ayi. Nkhani ndi yoti maulendo a m'tauni amabisa matenda. Mphindi makumi awiri popita kuntchito, pa liwiro la makilomita 40 kapena 50 pa ola, m'kati muli munthu mmodzi kapena awiri: injini sikhalitsa ili yotentha, matayala satentha, mabuleki amapeza mpata wozizira. Paipi ya madzi yomwe yayamba kufooka imatha kupirira chaka chathunthu mwa njira imeneyi. Koma mukaiika pamsewu waukulu maola asanu osaima, itadzaza anthu ndi katundu, dzuwa likuswa mtengo, chilichonse chimene chinali chofooka chimaonekera tsiku lomwelo. Ndiye ntchito imene muli nayo panopa ndi kufufuza zimene maulendo aafupi akhala akukubisirani.

Choyamba ndi nthawi. Galimoto ipite kwa makaniko kutatsala masabata awiri, osati tsiku loti mawa mukunyamuka. Akapeza kuti pakufunika chitsulo china, mwina patenga masiku kuti chipezeke. Komanso makaniko ndi munthu: bawuti lotsekera oyilo kunsi kwa injini likhoza kutsala losamangitsa, chomangira paipi chikhoza kuiwalika. Zoterezi zimaonekera m'masiku oyamba galimoto ikachoka kugalaja, ndipo kuli bwino zionekere muli pafupi ndi kwanu. Pomusiyira galimotoyo musangoti aipange sevisi n'kumapita. Muuzeni mtunda umene mukuyenda, anthu angati, katundu wochuluka bwanji, ndipo mupempheni aikweze kuti muyang'anire limodzi kunsi kwake. Makaniko wodziwa ntchito yake sakana zimenezi.

Ikatuluka kugalaja iyeseni nokha. Pezani msewu waukulu, muyende ola lathunthu pa liwiro lomwe mudzayendere pa ulendowo, wailesi itazima, khutu lili tcheru. Chiwongolero chikamanjenjemera mukafika cha pa 90 kapena 100, kawirikawiri matayala akufuna balancing, kutanthauza kulinganiza kulemera kwa gudumu kuti lizizungulira mosagwedezeka. Galimoto ikamakokera mbali imodzi pamsewu wowongoka, mwina tayala lina lachepa mpweya kapena alignment, kutanthauza mmene magudumu alunjikira, yasokonekera. Phokoso loti wuuu, lokula liwiro likamakwera n'kumasintha mukamakhota, nthawi zambiri limachokera ku bearing ya gudumu, chitsulo chimene gudumu limazungulirapo. Mukabwerako iimikeni pamalo ouma, m'mawa musuzumire pansi. Madzi oyera odontha kuchokera ku makina oziziritsira m'kati alibe vuto. Dontho lakuda, lofiirira, lobiriwira kapena loterera m'zala likufuna kulondoledwa mpaka mutapeza kumene likuchokera.

Pa zonse za pa galimoto, ndikanakonda mutathera nthawi yambiri pa matayala. Injini ikafa mumapatuka n'kudikira thandizo. Tayala likaphulika muli pa liwiro, nkhani imakhala ina. Galimoto yonseyo, ndi banja lanu m'katimo, imagwira msewu pa malo anayi okha, aliwonse okula ngati chikhatho cha dzanja.

Chimene chimapha matayala ambiri pa ulendo wautali ndi kuchepa kwa mpweya. Tayala lofewa limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, ndipo kupindikako kumabala kutentha. M'tauni silifika poipa. Pamsewu waukulu kutenthako kumaunjikana ola ndi ola mpaka mphira ndi mawaya a m'kati zitalekana. N'chifukwa chake ndimatsutsa mwamphamvu malangizo amene amamveka kawirikawiri, akuti nyengo yotentha muziphwetsako matayala pang'ono kuti asaphulike. Kutero ndi kudziitanira ngozi yomwe mukuithawayo. Mlingo woyenera walembedwa pa kapepala komatidwa pafelemu ya chitseko cha woyendetsa, kapena kuseri kwa kachitseko kothirira petulo, kapena m'buku la galimoto. Nthawi zambiri pamakhala manambala a mitundu iwiri, a galimoto yopepuka ndi a galimoto yodzaza, ndipo inu mukufuna achiwiriwo. Nambala yolembedwa pa tayala penipenipo ndi malire a mpweya umene tayalalo lingapirire, si yoti mupopere mpaka pamenepo. Yezani m'mawa matayala ali ozizira. Mukayeza panjira mudzapeza mpweya utakwera; ndi mmene zimakhalira tayala likatentha, ndipo musautulutse.

Kenako onani mizere yokumbika ya pa tayala. Ntchito yake ndi kutaya madzi mvula ikamagwa. Ikatha, tayala limayandama pamwamba pa madzi ndipo chiwongolero chimasiya kumvera. M'mayiko ambiri lamulo limati kuya kwa mizereyi kusachepere mamilimita 1.6, ndipo opanga matayala amaika timitumbira m'kati mwa mizereyo posonyeza malire amenewa. Timitumbirato tikafanana ndi pamwamba pa tayala, ndiye kuti latha. Kwa ine, pa ulendo wa nyengo ya mvula musadikire 1.6, likafika pa mamilimita 3 yambani kuganiza zogula lina. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto kuti muone mbali ya m'kati ya matayala akutsogolo, chifukwa tayala limatha kuoneka labwinobwino kunja pomwe m'kati mawaya ali poyera. Chotupa chilichonse m'mbali mwa tayala chikutanthauza kuti ulusi wa m'kati waduka. Limenelo silikonzeka, ndi lotaya.

Galimoto yoyenda pang'ono ngati yanuyi ili ndi vuto linanso lobisika: tayala limakalamba mizere ikadali yakuya. M'mbali mwake muli nambala yoyamba ndi zilembo DOT, ndipo manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mukaona 2319, ndiye kuti ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Likapitirira zaka zisanu liziunikidwa bwino chaka ndi chaka, makamaka ngati layamba timing'alu, ndipo makampani akuluakulu opanga matayala amati lisapitirire zaka khumi ngakhale likuoneka latsopano. Tayala lanu la sipeya mwina ndi lomwe linabwera ndi galimotoyo. Litulutseni, liyezeni mpweya, ndipo yeserani kusintha tayala limodzi pakhomo panu masana. Ndi pamene mungadziwire ngati jeki ikukweza, ngati sipanala ikukwana, ndiponso ngati mabawuti sanamangidwe ndi makina mpaka kukanika kumasuka ndi manja. Ngati la sipeyalo ndi lija lopyapyala, dziwani kuti sililoledwa kupitirira makilomita 80 pa ola, ndipo ntchito yake ndi kukufikitsani pokonzera matayala basi.

Pambuyo pa matayala pakubwera madzi oziziritsa injini. Injini ili yozizira, onani ngati madzi ali pakati pa mizere iwiri ya pa kabotolo ka pambali pa rediyeta. Ngati mwakhala mukuwonjezera pafupipafupi, penapake pakudontha, chifukwa madziwa sayenera kumatha okha. Finyani mapaipi akuda aja ndi dzanja: youma gwa, yofewa kwambiri kapena yotupa pafupi ndi chomangira isinthidwe. Anthu ambiri amathira madzi wamba. Pa vuto la panjira palibe cholakwa, koma kwa nthawi yaitali madzi okha amadya zitsulo za m'kati n'kutseka timabowo ta rediyeta ndi dzimbiri; coolant, madzi apadera oziziritsira injini, amakhala ndi mankhwala oletsa zimenezi. Isiyeni injini ilire galimoto ili chiimire mpaka itenthe, muone ngati fani ya rediyeta ikudzuka yokha. Chivundikiro cha rediyeta nachonso musachiderere. Chimapanikiza madzi a m'kati kuti asawire pa madigiri 100 koma apirire mpaka cha m'ma 120, ndipo chikafooka madzi amawira msanga pokwera chitunda. Pa chifukwa chomwechi musachitsegule injini ili yotentha: madziwo amatumphuka nthawi yomweyo n'kukuwotchani nkhope ndi manja.

Oyilo ndi wosavuta. Galimoto ili pamalo osapendekeka, injini itazima kwa mphindi zingapo, sololani kandodo koyezera, pukutani, bwezerani, sololaninso. Akhale pakati pa zizindikiro ziwiri; pa galimoto zambiri kuchoka pa chapansi kufika pa chapamwamba ndi pafupifupi lita imodzi. Ngati nthawi yosinthira ikwana muli pa ulendo, sinthiranitu. Oyilo akamaoneka woyererako ndi wathovu, mwina madzi akulowa mu injini, ndipo ulendo uyambe waima mpaka makaniko ataona. Tengani lita imodzi yapadera, chifukwa injini yakale imadya oyilo wambiri pa liwiro la pamsewu waukulu kusiyana ndi m'tauni.

Funso limodzi loti musaiwale kufunsa ndi la timing belt, lamba amene amagwirizanitsa kayendedwe ka ma piston ndi ma valve m'kati mwa injini. Injini zina zili ndi tcheni, zina zili ndi lamba wa mphira, ndipo lambayu sachenjeza asanaduke. Opanga galimoto amaika malire a makilomita komanso a zaka, osiyana malinga ndi injini, choncho onani m'buku lanu. Pa injini zambiri akaduka ma piston amamenya ma valve, injini n'kuwonongeka m'kuphethira kwa diso. Ngati galimoto ya zaka khumi ili ndi lamba ndipo palibe umboni woti anasinthidwapo, ndalama zimene munasungira zina za pa ulendo ziyambe zapita pamenepa.

Pa mabuleki makaniko aone ma pad ndi ma disc, zipangizo zimene zimakhulana kuti galimoto iime, koma chimene anthu amaiwala ndi mafuta ake. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi pang'onopang'ono. Atsopano a mtundu wa DOT 4 amawira pa madigiri osachepera 230. Akayamwa madzi amatha kuwira cha pa 155. Pa mtsetse wautali, galimoto itadzaza, phazi lili pa buleki osachoka, kutentha kotere kumafikika, ndipo mafuta akawira chopondera chimangolowa pansi osagwira. N'chifukwa chake opanga ambiri amati asinthidwe zaka ziwiri zilizonse. Potsetsereka ikani giya yotsika kuti injini ithandize kugwira galimoto. Ngakhale ya otomatiki ili ndi njira yochitira zimenezi. Kutsetsereka pa neutral pofuna kupulumutsa petulo ndi chizolowezi choipa chimene ndikanakonda chitatheratu.

Zotsatirazi ndizidutsa msanga. Mabatire ambiri amakhala zaka zitatu mpaka zisanu. Ngati injini ikuchedwa kulira m'mawa, lanulo likayezedwe. Lodzaza bwino limaonetsa ma volt pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo cha m'ma 14 ikamalira. Wina aime kunja pamene mukuyatsa magetsi onse, a mabuleki ndi okhotera omwe. Ma wiper osiya mizere pagalasi asinthidwe, kabotolo ka madzi otsukira galasi kadzazidwe. Mapepala a galimoto, inshuwalansi ndi laisensi yanu muone masiku ake othera, ndipo ngati mudutsa malire a dziko funsiranitu zimene zikufunika kumeneko.

Katundu wolemera akhale pansi m'buti, motsamira kumsana kwa mpando wakumbuyo. Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera, olembedwa pa kachitsulo kapena kapepala ka pafupi ndi chitseko, ndipo yaing'ono imafika pamalirewo msanga kuposa mmene eni ake amaganizira. Katundu wa padenga amaipangitsa kupendama pokhota, ndipo madenga ambiri amaloledwa kunyamula pakati pa makilogalamu 50 ndi 100 basi. Pashelefu ya kuseri kwa mitu ya ana pasakhale chilichonse cholimba. Mukaponda buleki mwadzidzidzi, botolo kapena chitsulo chimauluka kupita kutsogolo. Jeki, sipanala, zikwangwani zochenjeza ndi bokosi la mankhwala zikhale pofikika, osati pansi pa zikwama zonse.

Za ana ndilankhula mosapsatira. Khanda la miyezi 10 lisakhale pamiyendo pa mayi ake. Galimoto ikagunda chinthu pa liwiro la makilomita 50 okha pa ola, thupi limaponyedwa kutsogolo ndi mphamvu yowirikiza kulemera kwake ka 30 kapena kuposa. Mwana wa makilogalamu 9 amalemera 270 pa mphindi imeneyo, ndipo palibe mikono ya mayi imene ingamugwire. Akhale pa mpando wake wa ana, woyang'ana kumbuyo, womangidwa bwino pa mpando wakumbuyo, osati kutsogolo kumene kuli airbag, thumba la mpweya limene limafufuma pa ngozi. Bungwe la World Health Organization limati mipando yotere imachepetsa imfa za makanda pa ngozi ndi 71 peresenti, ndipo lamba wa pa mpando amachepetsa chiopsezo cha imfa mpaka ndi theka. Wa zaka 7 uja akufunika kampando komukweza kuti lamba adutse paphewa ndi m'chiuno, osati pakhosi ndi pamimba. Khandalo lizitulutsidwa mumpandomo pa maola awiri aliwonse kuti liwongoke. Ndipo pomwe mwaima, ngakhale kwa mphindi zisanu, mwana asatsale yekha m'galimoto yotseka.

Tsopano tifike pa inuyo, tiwerengere limodzi. Tinene kuti Lachisanu mwadzuka 5:30 m'mawa monga mwa masiku onse, mwagwira ntchito tsiku lonse, mwanyamuka 6 koloko madzulo. Makilomita 800 simungawayende pa 100 kuyambira pakhomo mpaka pakhomo. Pali matauni, malole okwawa, malo amene akukonza msewu. Mukamatha makilomita 75 pa ola mwayenda bwino, ndipo amenewo ndi maola pafupifupi 11 muli pa chiwongolero, osawerengera kuima. Ikamakwana 10:30 usiku mudzakhala mutatha maola 17 muli maso, ulendo usanafike ndi pakati pomwe. Mu 1997 ofufuza awiri a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anasindikiza m'magazini ya sayansi ya Nature zimene anapeza poyerekeza kusagona ndi kumwa mowa. Munthu amene wakhala maso maola 17 ankalephera ntchito zofuna kuti maso ndi manja zigwirizane, mofanana ndi amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi, mlingo umene mayiko ambiri amaletsera munthu kuyendetsa. Pa maola 24 zinkafanana ndi 0.10. Kwa inu maola 24 adzakwana 5:30 m'mawa wa Loweruka, mukadali pamsewu. Ndikudziwa kuti simungalole munthu woledzera kuyendetsa ana anu.

Kuwonjezera apo, thupi lili ndi nthawi zake. Pakati pa 2 koloko usiku ndi 6 koloko m'bandakucha limafuna tulo ngakhale munthu atapuma bwino, ndipo limafookanso pang'ono masana cha m'ma 2 mpaka 4 koloko. Tulo ta pa chiwongolero sitibwera ngati ta pabedi. Ubongo umangozima masekondi awiri, atatu, anayi, nthawi zina maso ali chitsegulire, ndipo mwiniwake sadziwa n'komwe kuti anagona. Pa makilomita 100 pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Masekondi anayi ndi mamita oposa 110 galimoto ikuyenda yokha. Ngozi za mtundu umenewu zimakhala zoopsa kwambiri chifukwa sipakhala woponda buleki. Ndipo malinga ndi dongosolo lanu lomwe, onse m'galimotomo adzakhala ali m'tulo. Sipadzakhala wokuonani mutu ukugwa.

Zizindikiro zake muzidziwe: kuyasamula pafupipafupi, zikope kulemera, kusakumbukira makilomita angapo amene mwangodutsa, kuphonya chikwangwani, galimoto kuyamba kuponda mzere, liwiro kukwera ndi kutsika popanda chifukwa. Mukaona chimodzi mwa izi, nthawi yoima inakwana kale. Kutsegula zenera, kukweza wailesi, kudzitsina, kutafuna kanthu, zonsezi zimathandiza kwa mphindi zochepa ndipo zimangokunamizani kuti muli bwino. Chimene chimathandizadi kwa kanthawi ndi kuima pamalo otetezeka, kumwa khofi, n'kugona mphindi 15 kapena 20 nthawi yomweyo. Khofi amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti ayambe kugwira, ndiye mumadzuka iye akuyamba ntchito. Koma imeneyi ndi njira yokufikitsani pamalo ogona, si yoti muziibwereza usiku wonse.

Ganiziraninso izi. M'mayiko a European Union, woyendetsa lole, munthu amene ntchito yake ndi yomweyi, lamulo limamukakamiza kupuma mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka, ndipo pa tsiku saloledwa kupitirira maola 9, kupatula kawiri pa sabata pamene angafike 10. Inu mukufuna kuyendetsa maola 11 pamwamba pa tsiku lathunthu la ntchito.

Malangizo anga ndi awa. Longedzani Lachinayi. Lachisanu gonani msanga, maola 7 kapena 8, mowa osaukhudza, n'kunyamuka Loweruka kukangoyera. Muziima mphindi zosachepera 15 pa maola awiri aliwonse, kutuluka n'kuwongola miyendo, zomwe zikugwirizana bwino ndi nthawi yotulutsira khanda lija. Ngakhale mutatero, lidzakhala tsiku lalitali kwa woyendetsa mmodzi ndipo mwina mudzafika kukuda. Ngati n'kotheka uduleni pawiri ulendowu, mugone panjira pamalo amene mwakonzeratu. Ndikudziwa kuti zimadya ndalama ndi tsiku limodzi la tchuthi. Ndikanakhala ine ndikanalipira mosanyinyirika. Njira ina ndi kupeza wachibale kapena mnzanu wodziwa kuyendetsa kuti muzilandizana, bola nayenso akhale atagona ndipo inshuwalansi ikhale ikumulola. Usiku ulinso ndi mavuto ake ena pambali pa tulo. Magetsi otsika amakuonetsani mtunda waufupi kuposa umene mukufunika kuti muime muli pa 100, ndipo munthu wapansi, wapanjinga, chiweto kapena lole yofera pamsewu zimaoneka mochedwa.

Onaninso mankhwala amene mukumwa. Ena a chimfine ndi a ziwengo, monga chlorpheniramine, amagonetsa; chimodzimodzinso ena a chifuwa ndi ochepetsa ululu. Werengani kapepala kake kapena funsani wa kufamase. Ngati muli ndi matenda a shuga, yezani musananyamuke ndiponso pamalo opumira, ndipo musadumphe chakudya. Ngati mayi akunyumba amadandaula kuti mumaliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo, ndipo masana mumawodzera, kaonaneni ndi dokotala ulendo usanafike, chifukwa amenewo akhoza kukhala matenda, ndipo chithandizo chake chilipo. Idyani mopepuka panjira ndipo muzimwa madzi. Ena amadzimana madzi kuti asamaimeime, pomwe kuimako ndi kumene akufunika.

Mukachedwa panjira, mtima udzakuuzani kuti muponde moto mubweze nthawi. Werengerani musanaumvere. Makilomita 100 pa liwiro la 100 ndi mphindi 60. Pa liwiro la 120 ndi mphindi 50. Mwapindula mphindi khumi, koma mtunda umene mabuleki akufunika kuti aimitse galimoto wakula ndi 44 peresenti. Galimoto yodzaza imachedwanso kunyamuka popitirira inzake, choncho mpata umene umakukwanirani mukakhala nokha sudzakukwanirani tsiku limenelo. Siyani masekondi atatu pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo, mvula ikamagwa muwirikize kawiri. Foni ikhale m'manja mwa mayi. Iwo ndiwo aziona mapu ndi kuyankha oimba. Mapuwo muwasungiretu m'foni kuti azitseguka ngakhale pamalo opanda netiweki, ndipo wina wodalirika adziwe njira imene mwadzera ndi nthawi imene mukuyembekezeka kufika. Petulo akatsika kufika theka m'dera lomwe simukulidziwa, thirani pamalo oyamba amene mwapeza.

Chinachake chikavuta panjira, pali zizindikiro ziwiri za pa dashibodi zoti musazengereze nazo. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka injini ikulira, patukani n'kuzimitsa nthawi yomweyo. Kuyenda pang'ono pokha oyilo asakuzungulira kukhoza kuwonongeratu injini. Muvi wa kutentha ukakwera kufika pofiira, imani, zimitsani, dikirani theka la ola kapena kuposerapo musanakhudze chilichonse. Nyali ya batire ikayaka yang'anani msanga muvi wa kutenthawo, chifukwa pa galimoto zambiri lamba amene amazunguza alternator, makina otchaja batire, ndi yemwenso amazunguza pampu ya madzi. Tayala likaphulika gwirani chiwongolero ndi manja awiri, musaponde buleki mwamphamvu, chotsani phazi pa moto pang'onopang'ono kuti liwiro litsike lokha, kenako patukani. Mukaima yatsani mahazadi, onse atulukire mbali yotalikirana ndi msewu n'kukaima patali ndi galimoto, ndipo chikwangwani cha makona atatu chiikidwe mamita osachepera 45 kumbuyo, kapena kutali kuposa apo ngati mwaima kuseri kwa khona kapena chitunda. Tochi, mawaya olumikizira mabatire, madzi akumwa, mafyuzi apadera, magolovesi ndi chovala chonyezimira usiku zimatenga malo ochepa m'buti.

Palinso ulendo wobwerera, umene anthu ambiri saukonzekera n'komwe. Mtunda ndi womwewo, galimoto yayenda kale makilomita 800, katundu nthawi zambiri wawonjezeka, ndipo usiku womaliza ndi umene macheza amafika mpaka pakati pa usiku. Tsiku loti mawa mukubwerera yezaninso mpweya, oyilo ndi madzi injini ili yozizira, zungulirani matayala onse kufuna misomali ndi zotupa, ndipo muwauziretu amene mwakawachezerawo kuti usiku umenewo mugona msanga. Ngati mukangofika mawa lake ndi la ntchito, werengerani masiku moti mudzafike kunyumba kusanade, ngakhale zitafunika kuti munyamuke kumeneko tsiku limodzi msanga.